Tsiku limene ndinamiza shuga wa apongozi

Ena amakalowa m'banja la eni atavala suti yobwereka, nsapato zikuwala. Ine ndinaloweramo nditanyowa mpaka m'chiuno, ndipo chimene chinandinyowetsa ndi kafayilo kamodzi ka m'kompyuta kamene ndinakana kukataya. Ku Mandava, komboni yathu, nkhaniyi amaidziwa, koma amaikamba mokhotetsa (ena mpaka amati ndinazimitsa mapampu ndi dzanja langa nditaledzera), choncho bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Zinali zaka zija za mavuto, m'masitolo muli mbee, magetsi akubwera ngati mlendo wodzangopereka moni. Ndinkagwira ntchito pa kamgodi kena ka golide kunja kwa Zvishavane. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzakumba miyala, bambo anga nawonso anakalambira pansi pa nthaka, ndipo ine ndinali woyamba pamtundu pathu kugwira ntchito ya pamgodi nditakhala pampando. Ndinaphunzira za makompyuta ku Gweru, ndikugona m'khitchini mwa azakhali ku komboni ya Mambo, ndipo pamgodipo anandilemba kuti ndizithandiza mainjiniya. Koma mainjiniyawo ankachoka mmodzimmodzi, wina ku Joni, wina kutsidya kwa nyanja. Womaliza anali a Sibanda, amene anandisiyira makiyi a ofesi ndi kompyuta yokalamba n'kulowera ku Botswana. M'mawa mwake a Dube, manijala wathu, anandiitana kuti "injiniya", ndipo ine sindinawatsutse.

Tonsefe masiku amenewo tinali osakhazikika. Munthu unkakhala pampando ndi tako limodzi, khutu lili panja, kuti ukamva zoti kwinakwake kwafika buledi uthamange. Ine ndinali ndi china chondisowetsa mtendere. Loweruka la sabata imene izi zinachitika amalume anga, a Zuze, anali oti akakumane ndi ankhoswe a kwa Eneresi, mtsikana wogulitsa tomato ndi matemba pamsika wa Mandava amene ndinali nditamufunsira. Bambo ake, a Chisale, mkulu wa mpingo, ankayang'anira mapampu pansi pa mgodi womwewo. Eneresi anali atandiuza mosabisa kuti mdalayo sanakhutire nane. Ankati mwamuna wa manja osalala, wongokhalira kuyang'ana kagalasi, sangasunge mkazi chaka cha njala. Ine, mwa mwambo wathu, ndinkawazemba. Ndikawaona pageti ndinkakhotera kuseri kwa wekishopu, moti ngakhale mawu awo ndinali ndisanawamvepo bwinobwino.

M'kompyutamo munali pulogalamu imene inkasunga moyo wa mgodi. Pansi pamatuluka madzi usana ndi usiku, amasonkhana m'dziwe lokumbidwa dala, ndipo mapampu amawakankhira kunja. Magetsi akathima mapampuwo ankadalira jenereta, jenereta inkadalira dizilo, ndipo dizilo ankadalira pemphero. Pulogalamuyo ndi imene inkanena kuti mapampu ayende nthawi yaitali bwanji ndi kupuma nthawi yaitali bwanji kuti dziwelo lisasefukire. A Dube ankapereka dizilo motsatira pepala limene ine ndasindikiza, osawonjezera ngakhale kapu imodzi. Aliyense wopempha woposa pamenepo ankaganiziridwa kuti akufuna akagulitse kumsewu.

Pirirani pang'ono ndikufotokozereni kantchito kake, apo ayi simuona pamene ndinagwera. Pulogalamuyo inalembedwa m'chinenero chakale cha mainjiniya chotchedwa Fortran, ndipo inali m'zigawo zotchedwa mamodyulo. Modyulo ina inkasunga kukula kwa dziwe, ina mphamvu za mapampu. Zimene munthu walemba, kompyuta siizimva mpaka zitadutsa mwa womasulira wake, kompaila. Kompaila ikamasulira modyulo imasiya kafayilo kothera ndi .mod, kamene kamauza zigawo zina zimene zili m'modyuloyo, manambala okhazikika ndi omwe. Ndiye pali timalamulo tiwiri timene umalemba poitana kompaila. Ka -J kamaiuza foda yoikamo timafayilo ta .mod timene yapanga. Ka -I kamaiuza mafoda okafunamo timene ikufuna, ndipo imawayendera motsatira mmene wawandandalikira.

Izi ndinkazidziwa, ndipo ndinkazinena mokweza mu ofesi mukakhala alendo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kompaila yathuyo, isanapite kumene waituma, imayamba yayang'ana m'foda momwe iwe waimamo. Ili ngati mwana amene wamutuma kugolosale kukagula mchere, iye n'kupeza chitini chakale cholembedwa kuti mchere pakhomo pomwepo, n'kubwera nacho osatsegula n'komwe.

Tsono ine sindinkataya kanthu. Palibe amene ankataya kanthu nthawi imeneyo. Mabotolo a mafuta ophikira tinkawatsuka, majumbo tinkawayanika pawaya ngati zovala. Diski itandiferapo kamodzi magetsi atathima mwadzidzidzi, ndinayamba kukopera fayilo iliyonse paliponse pamene ndapeza malo. Ka .mod ka mapampu kanali ndi abale ake m'mafoda ambirimbiri, ndipo kamodzi kanagona m'foda yeniyeni imene ndinkagwiriramo ntchito. Ndinkadzitama nazo kuti ndine munthu wosamala.

Kumayambiriro kwa sabatayo pampu yaikulu inapsa. Yatsopano kunalibe, choncho anatsitsa ina yaing'ono imene inkachita dzimbiri kuwekishopu, ndipo a Dube anati ndiwerengenso. Ndinasintha nambala ya mphamvu m'modyulo ya mapampu, ndinaimasulira n'kutumiza .mod yatsopano m'foda yaukhondo ndi -J, kenako ndinamasulira pulogalamu yonse ndikuilozera komweko ndi -I. Kompaila sinadandaule ngakhale pang'ono. Inangotola kakale kaja pamapazi panga, ndipo yankho linatuluka lofanana ndi la masiku onse.

Munthu wanzeru akanadabwa kuti pampu yaing'ono ikutha bwanji ntchito ya yaikulu pa nthawi yofanana. Ine ndinathamanga nalo pepalalo kwa a Dube, ndi kuwauza kuti ndakonza masamu mwaluso moti dizilo sawonjezera. Anandigwira paphewa n'kunena kuti a Sibanda angokhala komweko ku Botswana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine tsiku limenelo ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Dizilo wotsala anamuthira mu lole imene inapita ku Gweru kukasaka zitsulo.

Lachinayi magetsi anathima m'mamawa. Jenereta inayenda nthawi imene pepala langa linanena, kenako anaizimitsa. Dzuwa lisanafike pamutu, foni yochokera pansi inalira pa tebulo langa. Inali foni yakale yophokosera, ndipo mawu a munthu wamkulu anamveka chapatali akunena kuti madzi sanatsike monga mwa masiku onse, dziwe ladzaza, jenereta iyatsidwe.

"Madala," ndinatero, mwendo uli pa tebulo, "kompyuta ikuti madziwo ali bwinobwino. Musaope timadzi ta m'mapazi. Kapena dizilo mwamupezera kale wogula?"

Foni inaikidwa pansi mwaulemu. Mai Shumba, kalaliki amene tinkakhala naye ofesi imodzi, anasiya kutaipa n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Nhai mukwasha," anatero, kunditchula mkamwini m'chinenero chawo, "mukudziwa kuti sabata ino kumapampu masana kuli a Chisale?"

Mwendo unatsika wokha pa tebulopo. Nthawi yomweyo ndinadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe: ngati mdala wodzisunga ngati ameneyo waimba foni, madziwo alipodi. Ndinathamangira kwa a Dube kukapempha kuti jenereta iyatsidwe. Iwo anandikumbutsa kuti ndine ndemwe ndinalumbira dzana, ndipo kuti dizilo amene watsala m'thanki ndi wa mawa. "Handidi nyaya, ndinoda bepa," anatero. Sankafuna nkhani zapakamwa, ankafuna pepala latsopano.

Kompyutayo magetsi akathima inkayendera mabatire akale a lole, ndipo kabokosi kake kanali katayamba kale kulira kuti tii, tii, kusonyeza kuti moto ukutha. Ndinamasuliranso pulogalamu. Yankho lomwe lija. Ndinachepetsanso mphamvu ya pampu m'modyulo. Yankho lomwe lija. Ndinalemba ziro, kutanthauza kuti pampu kulibiretu, ndipo kompyuta inandiuza mosachita manyazi kuti pampu yopanda mphamvuyo iphwetsa dziwe pa nthawi yomwe ija.

Ndinaganiza kuti kompaila ikusochera, sikupeza fayilo yatsopano. Choncho m'malo mochotsa ndinawonjezera. Ndinalemba -I wa foda iyi, -I wa foda iyo, foda iliyonse imene ndinaikumbukira, mpaka mzere wa lamulo unatalika ngati sitima ya malasha. Kutsogolo kwenikweni ndinaika foda yanga yokondedwa yotchedwa zosunga. Yankho silinasunthe. Foni ya pansi inaliranso, ndipo ine (mdzukulu wa anthu olimba mtima amene anayenda wapansi kuchokera ku Dedza) ndinapempha Mai Shumba kuti anene kuti ndatuluka. Anamvetsera, anaika foni, n'kundiuza kuti madzi afika m'mawondo.

Ndinasowa mtengo wogwira, ndipo ndinakumbukira a Sibanda. Pamgodipo netiweki inkapezeka pamwamba pa mulu wa miyala yotayidwa pokha. Ndinakwera mulu umenewo ndi nsapato zanga za mu ofesi, ndikutsetsereka ndi kukwawa, foni ili m'kamwa. Ndili pamwamba ndinazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira mpaka inagwira. A Sibanda anandimvetsera ndikulankhula mosapuma, kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wadya chakudya cham'mawa.

"Mfana, fufuta ma .mod onse akale," anatero. "Yambira m'foda umo waimamo. Imayamba kuyang'ana pamene uli iweyo, ma -I ako amabwera pambuyo."

Foni inaduka pomwepo. Ndinatsika muluwo ndi matako, thalauza likung'ambika, n'kubwerera ku ofesi. Kafayilo kaja ndinakapeza, kali phee pakati pa anzake, tsiku lake likusonyeza chaka cham'mbuyo. Ndinaika chala pa batani lofufutira. Abale anga, chalacho chinakana. Mtima unati, nanga kakadzafunika? Madzi ali m'mawondo mwa apongozi, ine ndikumvera chisoni kafayilo. Ndinaganiza zochenjera: sindikafufuta, ndingokasamutsa. Ndinakasamutsira mu zosunga.

Mwaona kale, eti? Ine sindinaone. Ndinamasuliranso, kompaila inayang'ana pamapazi panga n'kupeza palibe, inapita ku foda yoyamba imene ndinailozera ndekha ndi -I, ndipo inakapeza kakale komwe kaja katakhala bwinobwino kakuidikira. Yankho lomwe lija linatulukanso. Ndinaimenya khofi kompyutayo. Ndinayenda uku ndi uku mu ofesimo, ndinatuluka, ndinalowanso, kabokosi ka mabatire kakulira mofulumira. Mai Shumba anayankhanso foni ndipo ulendo uno anangoika dzanja m'chiuno mwawo kundisonyeza pamene madzi afika.

Ndinakhala pansi n'kuwerenga mzere wanga wautali uja kuyambira kumutu, chala chikutsatira, ndipo mawu akuti zosunga anandiyang'ana m'maso. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Ndinafufuta ma .mod onse m'kompyutamo, akale ndi atsopano omwe, nditatsinzina ngati munthu wopha nkhuku koyamba. Ndinasiya -J mmodzi ndi -I mmodzi, onse akuloza foda imodzi, n'kumasulira zonse kuyambira pachiyambi. Yankho lenileni linatuluka: kapampuko kankayenera kuyenda pafupifupi tsiku lonse osapuma. Pepala litangotuluka mu printa, kompyuta inathima.

A Dube anawerenga pepalalo osakalipa, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Analamula kuti dizilo wa mawa athiridwe, ndi kuti wina akapope amene anali mu thirakitala ndi m'galimoto yawo yomwe. Jenereta itayamba kubangula, anatenga chipewa cha pansi ndi majombo n'kundiponyera.

"Hamba lapa pansi, injiniya," anatero m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi cha makolo athu, kundiuza kuti nditsike pansi. "Ukawauze wekha kuti kompyuta yavomera."

Chikepe sichinkayenda chifukwa moto wonse unali wa mapampu, choncho ndinatsika pamakwerero. Kanali koyamba kulowa pansi chibadwire changa. Pa chitsulo chilichonse ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene mpaka pano sindinakwaniritse. Pansipo ndinapeza a Chisale ndi amuna ena awiri ali m'madzi ofika m'chiuno. Injini ya pampu anali ataikweza ndi matcheni kuti isamire, ndipo bokosi la mawaya analinyamula pamapewa. Ndinalowa m'madzimo, ozizira ngati a m'firiji, n'kutsegula pakamwa kuti ndipepese.

"Gwirani apa, ainjiniya," anatero a Chisale osandiyang'ana.

Ndinagwira. Tili chiimire choncho, ndowa ya pulasitiki inadutsa ikuyandama chopendekeka, chivindikiro chitachoka. A Chisale anaikoka ndi dzanja limodzi, anasuzumiramo, n'kuipendeketsa. Munatuluka madzi ofiirira ndi timapepala tonyowa. Mmodzi wa amunawo anandinong'oneza nkhani yake. Kunyumba kwa a Chisale kunali kutadzaza abale othawa njala m'mafamu a ku Kwekwe, ndipo chilichonse chotsekemera chinkatha usiku umodzi. Choncho shuga amene mayi ake a Eneresi anakamusaka kutsidya kwa malire, woti alandirire alendo a Loweruka, mdalayo anamubisa pansi pa mgodi, pa shelefu ya m'chipinda cha mapampu pamene madzi anali asanafikepo chiyambire. Alendo a Lowerukawo anali amalume anga. Ndinali nditamiza shuga wa chinkhoswe changa chomwe.

Tinaima m'madzimo mpaka chakumadzulo, pamene anayamba kutsika.

Lachisanu ndinapita pamsika ndikuyenda ngati ndaba. Eneresi sanandipatse ngakhale moni.

"Iwe, wakaita sei? Wachita chiyani?" anatero, akupanga milu ya tomato mwaukali. "Amai anagona panja pa bhoda, kumalire kuja, chifukwa cha shuga ameneyo. Ndiye wawauzanso baba kuti ndi mbava ya dizilo?"

Anandiuza kuti bambo ake chibwerere sanalankhule, angokhala pampando n'kumayang'ana khoma, ndipo kuti iye sakudziwa ngati ankhoswe anga alandiridwe kapena abwezedwe pageti. Misozi inali m'maso mwake, ndipo apo m'pamene ndinazindikira kuti ndikhoza kumutaya zenizeni. Amalume a Zuze atamva anandikalipira mpaka mawu anawathera, kenako anati apitabe, koma akakhala pafupi ndi chitseko.

Pa zokambirana zotere mnyamata sakhalapo, koma a Chisale anatumiza uthenga kuti ndibwere. Ndinakhala pansi pakona, maso ali pa simenti. Anabweretsa tiyi. Analibe shuga ngakhale kambewu kamodzi, ndipo aliyense anamwa mwaulemu, amalume mpaka anayamikira kuti ndi wokoma. Ankhoswe atayamba mawu awo ozungulira, a Chisale anakweza dzanja. Anati ali ndi funso limodzi, ndipo akufuna aliyankhe mwini wake: amene anawafunsa pa foni ngati apeza wogula dizilo anali ndani?

Ndinati ndinali ine.

A Chisale ananena pang'onopang'ono kuti chiyambire ntchito, kuyambira nthawi ya azungu mpaka lero, palibe munthu anawatchulapo wakuba. Shuga sanamudandaule, anati ndi wa dziko lapansi. Ine ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Anapitiriza kuti komabe mnyamatayu anatsika, analowa m'madzi, anagwira bokosi mpaka madzulo, pamene anzake ophunzira akadakhala atakwera kale basi ya ku malire. Apa anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso koyamba.

"Mwana wanga ndikupatsani," anatero. "Koma tsiku limene adzakuuzeni kuti madzi afika m'chiuno, musadzapite kukafunsa kompyuta."

Amalume anawomba m'manja mwamphamvu mpaka anatayira tiyi pa thalauza. Ine ndinagwada n'kulonjeza ndi mtima wonse.

Phunziro la kompaila linalowa msanga. Mpaka lero ndisanamasulire pulogalamu ndimayamba ndasesa ma .mod onse akale, ndipo ma -I anga ndimawawerenga ngati munthu wowoloka msewu. Phunziro linalo ndi limene likundivutabe. Mvula yapitayi Eneresi anandiuza kuti denga likudontha pa bedi la ana, ndipo ndinangozindikira ndatulutsa foni kuti ndione ngati kwagwadi mvula yambiri choncho. Anangondilanda foniyo n'kundipatsa beseni.